Zikomo azakhali, nyumba ya ku Luchenza yatsala

Abale, nkhani ija ya achibale a malemu bambo ofuna kugulitsa nyumba yatha dzulo. Amayi sakutuluka m'nyumba mwawo. Ndatopa zedi, koma sindingagone osathokoza.

Ambuye, Inu munaona misozi ya miyezi 8 yonseyi. Ulemu ukhale kwa Inu.

Kenako azakhali. Sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Mwendo ukuwavuta, koma ulendo uliwonse amakwera kabaza kuchoka kwa Chonde, mapepala ali m'jumbo atamanga ndi chitenje m'chiuno kuopa mvula. Tsiku lija anthu anabwera ndi wogula mpaka kuyamba kuyeza mpanda, iwo anangokhala pamkeka pakhonde n'kunena kuti, "Achimwene anandisiyira nyumbayi kuti ndisunge, osati ndigawe." Amene amawayankha chonchowo ndi alongo awo enieni, obadwa nawo bere limodzi.

Bambo atapita ku Blantyre kwa loya mu 2019 kukaika nyumbayi mu trust (kuisiya m'manja mwa anthu oisungira banja), ife tinkawaseka kuti akutaya ndalama za penshoni. Zaka zonse zija akulemba makilo a tiyi ku esiteti, anali ataona amasiye ambiri akulandidwa ngakhale mbale. Sanakhutire ndi wilu yokha. Nyumba anaichotsa m'dzina lawo n'kuipereka m'manja mwa osunga awiri, azakhali ndi mkulu wa mpingo wathu, molemba kuti amayi akhalemo moyo wawo wonse, pambuyo pake ikhale ya ana tonse 4. Palibe wa ife angaigulitse payekha kapena kuipereka chikole pangongole, ngakhale ine. Ndiye pamene amati tigawane chuma cha masiye, nyumbayo sinali m'gulu la zogawazo. Pepani bambo, tinakusekani.

Zikomo amfumu potiuza poyera pabwalo kuti malinga ndi lamulo la 2011 kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Zikomo amayi a mvano pa ufa, nkhuni ndi kugona nafe usiku uja tinkaopa.

Inu amene mafoni anu amangoitana osayankhidwa, tamva kuti netiweki yabwerera. Palibe kanthu.

Koma azakhali! Anthu akwawo anasiya kuwapatsa moni chifukwa cha ife, iwo osadandaula ngakhale kamodzi. Nditawapatsa ya kabaza dzulo anandibwezera, amvekere, "Kagulire mayi ako shuga." Mulungu akusungireni mwendowo, azakhali.

M'mamawa uno ndadzuka n'kumva amayi akusesa pabwalo, akuimba chapansipansi. Za chiliza tikudziwitsani tikapuma.