Ulendo wa ku Chicago: tinakafunsa za kasungidwe ka ndalama za gulu lathu

Tinanyamuka ku South Bend kusanache, anthu anayi: a Tcheya, amayi asungichuma, achemwali athu ena amene amagwira ntchito yaunamwino, ndi ine mlembi wanu. Tinakwera sitima ya South Shore Line pabwalo la ndege mpaka ku Millennium Station, pakatikati pa Chicago. Popeza nthawi ya kumeneko ili m'mbuyo ndi ola limodzi, tinafika zitseko za msonkhano zikungotsegulidwa kumene. Unali msonkhano wa anthu ogwira ntchito m'mabungwe osapanga phindu, ndipo mwa zokambirana zambirimbiri za tsikulo, ife tinalondola imodzi yokha imene munatituma, ya bungwe lalikulu losungira kagulu kakang'ono ndalama, yomwe kuno ku America amaitcha fiscal sponsorship.

Kwa amene mwalowa m'gulu chaposachedwa, ndikumbutse chimene chinatidzutsa. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe Freddy atasakaza Chilobwe, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu n'kupha anthu oposa 1,000, tinasonkha ndalama mofulumira. Anzathu akuntchito ndi akutchalitchi, ambiri a iwo azungu ndi anthu akuda a konkuno, anatithandizanso. Ndalama zonsezo zinalowa muakaunti ya amayi asungichuma, m'dzina lawo, chifukwa gulu lathu lilibe akaunti. Anazisunga mokhulupirika, nalemba chilichonse m'kope, koma kwa miyezi ingapo sankagona tulo. Kenako bungwe lina lopereka thandizo linatifunsa kalata yosonyeza kuti ndife ovomerezeka pansi pa ndime 501(c)(3) ya malamulo a msonkho a dziko lino, yokhudza mabungwe achifundo. Tinalibe. Thandizolo linatidutsa.

Amene ankatsogolera zokambiranazo anali mayi wogwira ntchito kubungwe lina losunga timagulu tating'ono ngati lathuli. Mmene ndinamvera ine, nkhaniyi ndi ya kuberekana. Bungwe lalikulu, lomwe ofesi ya msonkho ya IRS inalivomereza kale, limabereka kagulu kakang'ono kumbuyo. Wofuna kuthandiza kaguluko amapereka ndalama kubungwe lalikululo, amalandira lisiti, ndipo akhoza kuchotsera mphatsoyo pa msonkho wake. Lisitilo si nkhani yaing'ono: munthu akapereka madola 250 kapena kuposa, lamulo limafuna kuti akhale ndi kalata yochokera kubungwe lolandira. Ife sitinapatsepo munthu kalata yotere, ndipo tikanalemba ikanakhala yopanda mphamvu.

Anatifotokozera njira ziwiri zimene zimagwiritsidwa ntchito kwambiri. Mayina ake ndi zilembo chabe, ndipo anachokera m'buku la loya wa ku San Francisco, Gregory Colvin, la mu 1993, lomwe linandandalika njira zisanu ndi imodzi. Mu Model A, kagulu kamalowa kwathunthu m'nyumba ya wobereka. Ngati pali antchito, ndi antchito a wobereka. Malipiro, inshuwalansi, mabuku a ndalama ndi mafomu a msonkho, zonse amayendetsa ndi iyeyo. Mu Model C, kagulu kamakhala pakokha. Wobereka amalandira mphatso, kenako amazipereka kwa kaguluko ngati thandizo la ntchito imene anaivomereza pasadakhale, ndipo kaguluko kamabweza malipoti ndi malisiti, kamadzionera kokha za msonkho ndi milandu yake. Pa ntchito yonseyi wobereka amadula gawo, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 10 pa 100 iliyonse, ndipo Model A ndiyo imadulidwa kwambiri poti ntchito yake ndi yochuluka.

Kufika apa tonse tinkangogwedeza mitu. Pamene panavuta ndi pomwe mayi uja ananena mosapsatira kuti ndalama zikalowa kwa wobereka, mwalamulo zimakhala za wobereka. Amazisunga padera, pa ntchito imene operekawo anafuna, koma mawu omaliza pa kagwiritsidwe ntchito kake ndi ake. Akaona kuti tikufuna kuziwononga pa chinthu chosagwirizana ndi ntchito yachifundo, ali ndi mphamvu yokana, ndipotu ndi udindo wake kukana. Akangokhala ngati paipi yongodutsiramo ndalama, IRS ikhoza kukana kuti mphatsozo zichotseredwe msonkho, ndipo bungwe lake lomwe likhala pangozi.

A Tcheya sanadye bwino nkhomaliro. Tili pagome anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alembi, ndiye kuti ndalama zimene anthu athu akhetsera thukuta m'mashifiti ausiku, tikapereke kwa mlendo, kenako tizikamupempha?" Sindinawayankhe msanga chifukwa funsolo linandilasa. Ambiri mwa ife tinachoka kumudzi tikudziwa mmene zimapwetekera kudikira siginecha ya munthu wakutali kuti uchite ntchito ya kwanu komwe. Anayankha ndi amayi asungichuma, mwakachetechete: "A Tcheya, panopa zili m'dzina langa. Ine nditamwalira mawa, banki ikaona ndalama za mayi wina wake, sikaona gulu. Mukazitenga bwanji kwa ana anga?" Palibe amene anawonjezera mawu.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwalemba poyera kuti mudzanditsutse pamsonkhano ngati ndalakwa. Mphamvu imene a Tcheya akuopa kutaya, kwenikweni sitinakhale nayo. Chimene tinali nacho ndi mtolo wosenzetsa munthu mmodzi. Nthawi ya Freddy panali ena m'gulu mwathu amene ankanong'onezana za kope lija, ngakhale kuti munalibe cholakwika chilichonse, ndipo mayiwa anamva. Munthu wodzipereka asamayende ndi manyazi chifukwa gulu lachedwa kukonza nyumba yake.

Masana tinalowa m'kachipinda kena komwe ankakamba za kutumiza ndalama kunja kwa America, ndipo apa ndi pomwe nkhani inatikhudza kwenikweni. Si wobereka aliyense amene amalola zimenezi. Amene amalola amafuna kudziwa wolandira kumudziko: ndi ndani, analembetsa kuti, akaunti ili m'dzina la gulu kapena la munthu. Amayang'ananso mayina pa mndandanda wa anthu oletsedwa kulandira ndalama, wosungidwa ndi OFAC, ofesi ya boma la America. Achemwali aja anaimika dzanja n'kufotokoza kuti kwathu mabungwe amalembetsa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, ndi ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwewo, pamene timagulu tam'midzi timadziwika kukhonsolo ya boma lawo, ndipo tambiri tilibe akaunti kubanki. Wotsogolera zokambirana anati zikatero njira yosavuta ndi kugwira ntchito ndi bungwe kapena mpingo wolembetsedwa kale kumeneko, kapena kulipira mwachindunji amene akugulitsa katundu, monga malata ndi simenti, invoisi ili m'manja. Kutumizira mlamu wako pafoni kuti akagule chimanga, monga tinachitira ife, sikungadutse. Izi zitichedwetsa pa nthawi yangozi, ndipo sindikubisa kuti zinandidandaulitsa. Madzi akasefukira anthu amafuna ufa lero.

Tinafunsanso ngati sikungakhale bwino kungolembetsa tokha. N'zotheka. Fomu 1023, yopemphera chilolezo cha 501(c)(3) ku IRS, imalipiridwa madola 600, ndipo yaifupi yake, 1023-EZ, ya timabungwe tating'ono, ndi madola 275. Koma kulembetsa ndi poyambira chabe. Pamafunika komiti yoyang'anira, kulembetsanso kuboma la Indiana komwe tikukhala, ndi kutumiza ku IRS fomu 990, lipoti la ndalama za bungwe, chaka chilichonse. Bungwe lopeza madola osapitirira 50,000 pachaka limatumiza yaifupi kwambiri, 990-N, koma likadumphitsa zaka zitatu zotsatizana chilolezo chimathetsedwa chokha popanda wokufunsa. Ndinaganizira mmene makomiti athu amasinthira, wina akasamukira ku Texas, wina akabwerera kumudzi, ndipo ndinaona pomwe tingapunthwe.

Chenjezo lina ndinalilemba ndi zilembo zikuluzikulu: wobereka nayenso amatha kutopa. Anatikumbutsa za Open Collective Foundation, yomwe inalengeza mu Febuluwale 2024 kuti itseka pofika kumapeto kwa chakacho, ndipo magulu mazanamazana anayenera kusaka kolowera m'miyezi yochepa. N'chifukwa chake anatilangiza kuti tisanasaine tiwerenge fomu 990 ya woberekayo, yomwe aliyense ali ndi ufulu woiona, tipemphe lipoti la owerengera ndalama, tifunse magulu amene ali kale kumeneko kuti ndalama zimatuluka pakatha masiku angati akapempha. Mgwirizano ukhale wolembedwa, ndipo unene momveka za tsiku losiyana: ndalama zotsala, dzina la gulu ndi mndandanda wa otithandiza zidzapita kuti. Ndalamazo sizingabwerere m'matumba a anthu. Zimasamukira kubungwe lina lovomerezeka, kapena kwa ife tikadzalembetsa tokha. Anatilozera malangizo a National Network of Fiscal Sponsors, komanso Fiscal Sponsor Directory komwe munthu amasakako obereka.

Chinthu chimodzi ndinafunsa ndekha panja, nditamupeza mayi uja akumwa khofi, ndi za ndalama zathu zamaliro. Anandiuza kuti zopereka zothandizana tokhatokha, monga kutumiza thupi la membala kumudzi, kawirikawiri sizilowa m'dongosololi, chifukwa zimapindulira anthu odziwika kale a m'gulu momwemo. Thumba limenelo likhala padera monga kale, ndipo lifunika kukambirana kwake.

Pobwerera, sitima itadutsa Gary ndi Michigan City, a Tcheya anapempha kope langa n'kuwerenga okha ndime ya tsiku losiyana kawiri. Anati savomereza kanthu asanaone mgwirizano weniweni ndi maso awo, koma alola kuti tilembere obereka atatu amene amatumiza ndalama ku Africa, tiwafunse za Model C. Makalatawo ndalemba kale. Pamsonkhano wa mwezi uno tidzawerengera limodzi mayankho amene adzakhale atafika, ndipo amayi asungichuma apempha kuti adzabwere ndi kope lija, aliyense wofuna adzalitsegule.