Zikomo nonse, amayi ayambanso kuyenda

Lero m'mawa amayi ayenda okha kuchoka pakhonde mpaka pamjigo, ndodo ili m'manja koma osagwiridwa ndi munthu. Ndati ndisachedwenso kuthokoza.

Ambiri mukudziwa kuti mu Epulo anagwa m'chigafa akusankha fodya kwathu kuno ku Chamama. Pakamwa panapotoka, mkono wamanja unalefuka, mawu osamveka. Ena anayamba kale kunong'ona kuti pali dzanja la munthu. Achimwene a njinga yamoto, inu amene munakana zodikira kuti kuche, Mulungu akudalitseni. Kuchipatala chachikulu cha Kasungu makina anawerenga 190/110, pomwe 140/90 yokha ndi BP yokwera kale. Adokotala anati ndi sitiroko. Anamwino amene munkawatembenuza usiku ife tikusinza pabenchi, zikomo.

Mlandu wina ndi wanga. BP anawapeza nayo kalekale, mankhwala analandira, koma mutu utasiya kuwawa anawaponya m'chikwama nkuiwala. Ine ndinkaona, osanena kanthu. Sindinkadziwa kuti mankhwala amenewa sasiyidwa chifukwa choti thupi likumva bwino.

Amayi a Mvano, nkhuni ndi ufa munabweretsa zija zatifikitsa pano. Koma amene watisintha pakhomo ndi mlangizi wathu wa zaumoyo. Anabwera, nkukhala pamphasa, nkupempha kasupuni ka tiyi. Anati mchere wa munthu mmodzi tsiku lonse usafike magalamu 5, kasupuni kameneka kosadzaza, kuwerengera ndi wa mundiwo womwe. Amayi anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Iwotu ndi aja othira kamulu ka mchere pambali pa mbale asanalawe nkomwe, therere lakenso la soda. Mpaka lero akudandaula kuti nkhwani ndikuphika ngati wa odwala, koma mbale ikubwerako yopanda kanthu.

Anzanga a banki nkhonde, inu ndiye mwandisowetsa mawu. Mmalo mongopereka chipepeso, munasonkha nkugula makina oyezera BP. Tsiku loyamba kuyezana, anthu amene timalima nawo tsiku ndi tsiku, osamva kupweteka paliponse, anapezeka kuti yawo ndi yokwera. Mmodzi mwa iwo ndine, ndipo kuchipatala anatsimikiza.

Timayezana Lachinayi lililonse pansi pa mtengo wa mango tisanayambe kuponya masheya. Bwerani ngakhale simuli m'gulu, abambo omwe, musamangotumiza akazi anu. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo mukafika mukhale pansi kaye mphindi 5 mtima ukhazikike. Mabatire ndagula kale.