Makina aja alibe maso, amangomva mpweya

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi makina ochapa ndi kuumitsa zovala amene anabwera ku workshop kwathu kuchokera ku loji ina pa Kasungu boma. Lero ndiye mtima wakhala pansi.

Ankati akayamba kudzaza madzi, osasiya, mpaka madzi kumatulukira m'kabati ka sopo. Ine ndinathamangira valavu yolowetsa madzi monga timachitira tonse. Koyilo ya valavuyo ndinayeza, ma ohm pafupifupi 4,000, ili bwino. Kasefa kolowera madzi ndinatsuka, munali mchenga ndithu, koma vuto osatha. Kenako mnzanga wa chaka chachiwiri anati, "Aise, madzi akulowa choncho, zula pulagi uone." Ndinazula, madzi anaima pomwepo. Ndiye kuti valavu ikutseka bwinobwino, kungoti pali china chikuiuza kuti ikhale yotseguka.

Apa ndi pamene zinanditsegukira. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti muli kachipangizo komira m'madzi kowerenga kuchuluka kwake. Ayi! Pansi pa dramu pamachoka kapayipi kakang'ono kokwera mpaka pa pressure switch, ndipo muli mpweya wokhawokha. Madzi akamakwera amapanikiza mpweyawo, mpweya umakankha kalabala ka mu switch, switch n'kudula magetsi opita ku valavu. Basi. Kapayipi kakabooka mpweya umathawa, makina amayesa m'dramu mulibe kanthu ngakhale madzi akusefukira. Kakatsekeka ndi zotsalira za sopo, mpweya ungatsekeredwe momwemo, makina n'kumayesa ndi odzaza, osalola ndi dontho lomwe. Mavuto awiri osiyana, gwero limodzi.

Nditasolola kapayipi kathu kaja ndinapeza timano ta khoswe pafupi ndi pokhota, kabowo kochepa ngati njere ya mapira. Ndinatseka mbali imodzi ndi chala, kuuzira mbali inayo, mpweya n'kumandiwomba pa dzanja.

Kunena zoona, njira youzira ndi pakamwayi ndaikonda kuposa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Zimitsani makina, zulani pulagi, uzirani m'kapayipi pang'onopang'ono kulowera ku switch, mumva kuti "thi". Mukasiya imvekanso. Mphindi imodzi yokha mwadziwa kale kolowera. Ine ndikuona kuti aliyense aziyambira pamenepa asanagwire chilichonse.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi anatilembetsa manotsi masamba ambirimbiri a pressure switch, koma sanatigwiritseko ngakhale imodzi. Tsiku la practical likafika, mwina magetsi azima, mwina iwo apita ku msonkhano, ife n'kumalimbirana multimeter imodzi. Za thanki sanatchule n'komwe, chonsecho nyumba zambiri kuno madzi amachokera m'thanki ya pa sitandi. Mita imodzi ya kutalika imapereka mphamvu ya madzi ya 0.1 bar yokha, ndiye thanki ya mamita atatu ndi 0.3 bar, pamene makina ambiri amafuna 0.5 bar kapena kuposa kuti valavu igwire bwino. Munthu ungagule valavu yatsopano pachabe. Izi ndamva kwa a pulambala, osati m'kalasi.

Kudzaza kwatheka, koma makinawo sanachoke. Akangofika poumitsa, breaker ya earth leakage, yodula magetsi akamatayikira, ikugwa. Hita yochapira ndayeza, ma ohm 26, zogwirizana ndi 2,000 W pa 230 V. Hita youmitsira nayo siikuonetsa kuti yaduka, ndipo pakati pa iyo ndi earth multimeter ikuti palibe njira. Koma batire ya multimeter ndi yofooka, kutayikira kwina kumaonekera pa 500 V za megger, chipangizo choyezera kutayikira kwa magetsi, ndipo megger ili m'kabati yokiya mpaka Lolemba. Mtima wina ukuti ndi hita yomweyo, imayamba kutaya magetsi ikatentha. Wina ukuti ndi chinyezi chabe, poti madzi anasefukira kangapo pa mawaya apansi. Ndasiya chivundikiro chotsegula kuti muume, mawa ndikayesanso. Breaker ikakagwanso, kaya ndiyambira pati.