Printa ya Kunkhokwe Inaulula Malipiro a Aliyense

Kumbuyo kwa kontrola ya IBM 3174, bokosi lolumikiza masikirini ndi maprinta ku kompyuta yaikulu, kuli mabowo olumikizira zingwe za coax, ndipo bowo loyamba ndi nambala 0, osati 1. Mu VTAM, pulogalamu ya netiweki ya pakompyuta yaikuluyo, chida cha pabowo 0 chimalembedwa adiresi LOCADDR=2, cha pabowo 1 LOCADDR=3, kumangowonjezera ziwiri. Zowonjezera ziwirizo ndinkazidziwa ngati dzina langa. Koma mabowo ndinawawerenga ndi chala, kuyambira pa 1.

Zida zinali zisanu ndi zitatu: masikirini pa mabowo 0 mpaka 5, printa ya ofesi ya malipiro pa 6, printa ya kunkhokwe pa 7. Mayina onse omwe ndinapatsa zidazo anasendera bowo limodzi kutsogolo.

Mzere wa SDLC, wolumikiza kontrola ku kompyuta yaikulu, unadzuka bwinobwino. NRZI, njira yotumizira zizindikiro pamzerewo, inagwirizana mbali zonse, adiresi ya PU (dzina la kontrola mu VTAM) inali C1 monga pa kontrola. Mu CICS, pulogalamu yoyendetsa ntchito za pamasikirini, ndinalemba TERMID, dzina la zilembo zinayi, pa chida chilichonse, kuilumikiza ndi NETNAME yake (dzina lake mu VTAM), kenako CEDA INSTALL kuti ziyambe kugwira ntchito. Masikirini asanu anayaka. Sikirini ilibe nazo kanthu kuti yavala dzina la mnzake, bola zonse zikhale LU2, mtundu wa masikirini. Ya pabowo 0 yokha inangoti zii, chifukwa panalibe LU (dzina la chida mu VTAM) yoloza adiresi yake.

Ndinasintha chingwe. Ndinasintha sikirini. Kenako ndinati ndiigwetse ndi kuidzutsanso, n'kulemba V NET,INACT ndi FORCE pa dzina lake. Kuseri kwa khoma kunamveka mkuwo: "Mayo ine, ntchito yanga!" Dzinalo linali pabowo 1, pomwe mayi wina anali atadzaza fomu yonse koma asanadine Enter. Pa masikirini a 3270 ngati amenewa zomwe walemba zimakhala pasikirini mpaka udine Enter, ndiye kompyuta yaikulu sinalandireko ngakhale chilembo chimodzi.

Ndinapita kukawapepesa kuti makinawa ndi okalamba.

Apa mpamene a kumalipiro anatumiza ndandanda ya mwezi. Printa yawo inali du: pabowo 6 panagwera dzina la sikirini yomaliza, ndipo printa imakana BIND ya LU2, kutanthauza kulumikizidwa ngati sikirini. Koma lamulo lofunsa CICS, CEMT INQUIRE TERMINAL, limaonetsa printa yawo ili ACQUIRED, yolumikizidwa, ntchito yatuluka, palibe cholakwika, poti dzina lake linali pabowo 7. Anatumizanso. Anatumizanso kachitatu, mokwiya.

Foni inalira. "Achimwene, kuno kunkhokwe mapepala atithera. Koma a bwana aakulu amalandira zonsezi pamwezi umodzi, kapena ndi za chaka?"

Ndinathamanga ngati galu woba nyama. Ndinapeza anthu asanu ndi mmodzi ataunjikana, wina akuwerenga mokweza, wina akuwonkhetsa pakakyuleta. Makope atatu, oti agawane osalimbirana.

Manambala a LOCADDR anali mu NCP, pulogalamu yoyendetsa mizere yolumikizira, ndipo kuipanganso ndi kuikweza kumagwetsa mizere yonse, kotero kumachitika usiku. Masana amenewo ndinangosuntha zingwe, chilichonse bowo limodzi kutsogolo: printa ya kunkhokwe pa 8, ya malipiro pa 7, mpaka sikirini yakufa ija pa 1. Zonse zinayenda. Usiku mnzanga wa shifiti anakonza LOCADDR mu NCP monga ndinalembera m'buku. Za zingwe sindinalembemo.

M'mawa malipiro sanatuluke n'komwe, poti dzina la printa yawo linabwerera pabowo 6 pomwe tsopano panali sikirini, printa ya kunkhokwe ili pabowo 8 lopanda dzina, ndipo mainivoisi a kunkhokwe akukhuthukira mu ofesi ya malipiro. A kunkhokwe anaimba kudzafunsa ngati ndandanda ya mwezi wamawa azidzailandiranso.