Lachinayi: tsiku la maphunziro ndi anamwino akale a ku Camp Bastion

Lero tsiku lonse lathera m'chipinda chophunzirira cha chipatala china kuno ku England. Otiphunzitsa anali atatu, onse asilikali opuma: anamwino awiri ndi dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni. Onsewa anagwirapo ntchito pa chipatala cha asilikali cha ku Camp Bastion, m'chigawo cha Helmand ku Afghanistan. Chipatalacho chinayambira m'matenti mu 2006, chinalowa m'nyumba yeniyeni mu 2008, ndipo asilikali a Britain anachoka pamalopo mu 2014. Amene amayembekezera nkhani za zipolopolo anagwiritsidwa fuwa la moto. Zomwe akuluakuluwa amakumbukira ndi magazi, kuzizira ndi wotchi.

M'mawa tinayamba ndi lamba womanga mwendo kapena mkono, uja amati tourniquet. Ambiri obwera ku Bastion anali oponda mabomba okwirira pansi, choncho lamulo linali loti uletse kaye magazi, za kupuma uziona pambuyo. Lambayo amamangidwa masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pa bondo kapena pa chigongono. Umakoka kaye mpaka athine, kenako n'kupotokola kamtengo kake mpaka magazi asiyiretu. Apa ndi pomwe ambiri tinalakwitsa pa zidole zoyeserera. Ukamanga mwamantha, umatseka mitsempha yobweza magazi yokha, yopititsa ikadali yotseguka, ndiye magazi amatuluka kuposa poyamba. Ntchafu yaikulu nthawi zina imafuna malamba awiri, wachiwiri pamwamba pa woyamba. Foni kapena mpeni wotsalira m'thumba la buluku umalepheretsanso lamba kugwira. Ukatha umalemba nthawi, ngakhale pamphumi pa wovulalayo, chifukwa maola 2 akadutsa mnofu umayamba kuwonongeka.

Bala la mphechepeche kapena la m'khwapa lamba salifika. Pamenepo umalongamo nsalu ya mankhwala oundanitsa magazi, monga Celox, mpaka bala lidzaze, n'kutsindira ndi mphamvu mphindi 3 osasuzumira. Kusuzumirako ndiye matenda a tonsefe.

Titamwa tiyi, dokotala uja anafotokoza za helikopita ya Chinook yomwe inkakatenga ovulala. Inkanyamula dokotala, namwino, azachipatala ena awiri ndi magazi omwe, moti chithandizo chinkayambira m'mwamba. Phokoso la mmenemo silikulola kumvetsera pachifuwa, ndipo munthu amene wataya magazi ambiri mitsempha yake sioneka. Ankangoboola fupa la pachifuwa kapena la paphewa n'kulowetsa magazi ndi mankhwala kudzera m'mafuta a m'fupamo.

Gawo lomwe linatenga nthawi yaitali, ndipo linayeneradi kutero, ndi la magazi. Kale wovulala ankamuthira madzi a diripi ambirimbiri. Madziwo amasungunula magazi otsalawo ndi kuziziritsa thupi, ndipo magazi ozizira saundana. Asidi akachulukanso m'thupi, zinthu zitatuzi zimakokerana mpaka munthu kupita. Ku Helmand kumatentha koopsa, koma wovulala ankafika ali zii. N'chifukwa chake ku Bastion ankapereka magazi ofiira ndi plasma (madzi achikasu a m'magazi) mofanana, paketi imodzi kwa imodzi, zodutsa m'makina otenthetsa. Ankaonjezera mankhwala a tranexamic acid, galamu 1 m'mphindi 10, kenako galamu ina m'maola 8. Mankhwalawa amathandiza akaperekedwa maola 3 asanakwane chivulalireni. Mukachedwa angathe kupweteka. China choiwalika msanga ndi kashiamu. Mankhwala osungira magazi m'paketi amamanga kashiamu wa m'thupi, ndiye ukathira mapaketi ambiri osamubwezera, mtima umafooka.

Kusunga kwake nakonso n'kwa mutu. Magazi ofiira amakhala m'firiji pa madigiri 2 mpaka 6. Ma platelet, tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti aundane, safuna firiji, amafuna madigiri 20 mpaka 24, akugwedezeka usiku ndi usana, ndipo pakatha masiku 5 ayamba kutha ntchito. Ndege yochokera ku Britain ikachedwa, ankaitana asilikali a pamsasa omwe anayezedwa kale kuti adzapereke pompo.

Za opaleshoni anadutsamo mwachangu. Wovulala kwambiri sankaima m'chipinda cholandirira, ankapita naye molunjika ku fiyeta. Cholinga sichinali kukonza zonse: kuletsa magazi, kutseka matumbo otayikira, kuchotsa mnofu wakufa, n'kutuluka pasanathe ola ndi theka. Bala silinkasokedwa. Bomba limakankhira dothi, nsanza ndi zitsulo mkati mwenimweni, ndipo dothi la m'minda yothirira ya m'mbali mwa mtsinje wa Helmand linkabweretsa mafangasi odya mnofu. Ankalisiya lotsegula n'kudzalionanso pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Msilikali wa Britain nthawi imeneyo amakhala ali m'ndege ya C-17 kupita ku Birmingham, poyamba ku chipatala cha Selly Oak, ndipo kuyambira 2010 ku Queen Elizabeth Hospital. Oduka miyendo ankakaphunzira kuyendanso ku Headley Court.

Chakumadzulo, zidole zitalongedzedwa, wina anafunsa chomwe chimawabwererabe m'maganizo. Wamkulu mwa anamwino awiri aja sanatchule mabala. Anakamba za odwala a ku Afghanistan komweko: asilikali, apolisi, ana, ngakhale adani ogwidwa, omwe ankagona m'wodi imodzimodziyo ndi kulandira magazi omwewo. Iwowa kunalibe ndege yowatengera ku Birmingham. Bedi likafunika, ankawatumiza ku zipatala za m'dzikomo, zina zopanda makina opumira, ndipo kawirikawiri sankamvanso za iwo. Mnzake anangogwedeza mutu n'kuyamba kuwerenga malamba aja. Anapeza kuti awiri tawathyola timitengo popotokola.