Ine ndimadikira roketi ikamabwerera

Anthu ambiri akamaonera roketi pa YouTube, chomwe chimawatenga mtima ndi moto ndi utsi wa ponyamuka. Ine zimenezo zinandikwana kale. Ndimadikira padutse mphindi 8 kapena kuposerapo pang'ono, pomwe gawo lam'munsi la Falcon 9, roketi ya kampani ya SpaceX, limabwerera chafutambuyo, kuyatsanso injini, kutambasula miyendo yake inayi n'kutera pachombo choyandama pakati pa nyanja.

Chovuta paulendo wamlengalenga si kukwera m'mwamba ayi. Malire omwe ambiri amati mlengalenga mumayambira ali pa makilomita 100 okha. Chovuta ndi liwiro. Kuti chinthu chizizungulira dziko osagwa, chiyenera kuthamanga cham'mbali pafupifupi makilomita 28,000 pa ola. Liwiro limeneli limadya mafuta osaneneka, moti roketi ikaima pamalo onyamukira, kulemera kwake pafupifupi konse ndi mafuta basi. N'chifukwa chake kuyambira pa Sputnik, setilaiti yoyamba kutumizidwa m'mlengalenga mu 1957, akatswiri ankangovomereza kuti thanki ikauma, itayidwe pamodzi ndi injini zake. Injini zodula koopsa zija zinkagwira ntchito mphindi zowerengeka n'kukamira m'nyanja kapena kuphwanyikira kuchipululu.

Apa ndinenepo za maulendo a anthu olemera pa New Shepard, roketi ya kampani ya Blue Origin. Amakwera, amayandama pang'ono, pakatha mphindi pafupifupi 11 atera. Sindikuwanyoza, atandiitana ndingathamange, koma tisamawaike pamzere umodzi ndi Yuri Gagarin, yemwe mu 1961 anazungulira dziko lonse paulendo wa mphindi 108.

Maganizo ogwiritsanso ntchito chombo si atsopano. Space Shuttle ya ku America inauluka maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011, koma kuikonza ikabwerako kunkadya miyezi ndi ndalama zambiri, ndipo ngozi za Challenger mu 1986 ndi Columbia mu 2003 zinapha anthu 14. Choncho SpaceX itateretsa gawo loyamba la Falcon 9 ku Cape Canaveral pa 21 December 2015, okayika analipo ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Mu March 2017 anaulutsanso roketi yomwe inali itapitako kale. Lero zilipo zomwe zapita n'kubwerako maulendo oposa 20, zakuda bii ndi mwaye, sazipentanso n'komwe.

Chomwe chimandiimitsa mutu n'chakuti Falcon 9 singathe kuima phee m'malere ngati helikopita. Ili ndi injini 9 zotchedwa Merlin, koma ikamatera imakhala yapepuka kwambiri moti ngakhale injini imodzi yokha, ataichepetsa mphamvu mpaka pomaliza, imakankhabe kuposa kulemera kwa roketiyo. Ndiye kompyuta iyenera kuwerengera kuti liwiro lithere ndendende pomwe miyendo ikukhudza pansi. Ikachedwa kuyatsa, roketi imenya chombo. Ikafulumira, iima isanafike n'kuyamba kukweranso. Zonsezi zikuchitika chombocho chikugwedezeka ndi mafunde. Pa 13 October 2024 anachita zina zomwe ndinkaziona ngati nthabwala: gawo lam'munsi la injini 33 la Starship, roketi yaikulu ya SpaceX, linabwerera ku Boca Chica ku Texas n'kugwidwa ndi mikono iwiri yachitsulo ya nsanja yomwe linanyamukirapo.

Mukaona zimenezi, SLS, roketi yaikulu ya NASA, bungwe la boma la America loona za mlengalenga, imapweteka mtima. Injini zake zinayi za RS-25 zomwe zinanyamula ulendo wake woyamba, Artemis I, mu November 2022 zinali zitaulukapo kale pa Shuttle. Anazipanga kuti zizibwerera, ndipo zinkabwereradi, koma tsopano amaziyatsa kamodzi n'kuzitaya m'nyanja. Ofesi yofufuza kayendetsedwe ka chuma ku NASA komweko inawerengera kuti ulendo umodzi wa SLS ndi chombo cha Orion umadya madola 4.1 biliyoni. Roketiyo ndi yokongola, inagwira ntchito bwino paulendo woyamba, komabe ndalama zimenezo n'zovuta kuziikira kumbuyo.

Musandiyese wotsatira wa Elon Musk, mkulu wa SpaceX. Zaka zomwe amalonjeza kuti anthu afika ku Mars zimangosunthirasunthira kutsogolo, ndipo ndinaleka kuzimvera. Pa maulendo 134 a roketi za Falcon mu 2024, ochuluka anali onyamula masetilaiti a intaneti a Starlink, katundu wa kampani yomweyo, omwe akatswiri a zakuthambo akudandaula kuti akulemba mizere yowala pa zithunzi zawo. Choopsa kwambiri n'chakuti aliyense akupanikizika n'kukagogoda pakhomo limodzi la SpaceX. Mayiko a ku Ulaya anatumiza makina awo oonera zakuthambo a Euclid pa Falcon 9 mu July 2023, chifukwa roketi ya Soyuz ya ku Russia inali itachoka ku Kourou, malo onyamukirako roketi za mayikowo, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, pomwe roketi yawo yatsopano ya Ariane 6 inachedwa mpaka July 2024. Butch Wilmore ndi Suni Williams anapita ku siteshoni yamlengalenga ya ISS ndi chombo cha Starliner cha Boeing mu June 2024 poganiza kuti akakhala masiku 8, koma anabwerako mu March 2025, pa chombo cha Dragon cha SpaceX. Tsiku lomwe Falcon 9 idzapezeke ndi vuto lalikulu, ambiri adzasowa pogwira.

Ndiye masiku ano ndimachemerera opikisana ndi SpaceX. Roketi ya New Glenn ya Blue Origin itafika pozungulira dziko paulendo wake woyamba mu January 2025, ndinasangalala ngakhale gawo lam'munsi linalephera kutera. Koma yapamtima panga ndi Electron ya Rocket Lab, kakang'ono kotalika mamita 18 komwe kamanyamukira ku Mahia ku New Zealand. Mapampu a injini zake amayendera mabatire, ndipo gawo lachiwiri limataya mabatire otha mphamvu ulendo uli mkati kuti lipepukidwe. Mu 2022 anayesa kukawakha gawo loyamba ndi helikopita likutsika pa parachuti. Analigwiradi, woyendetsa n'kulitayanso ataona kuti likukoka mosayembekezeka, ndipo pambuyo pake njirayo anaisiya. Tsopano akumanga Neutron, yokulirapo, yoti izitera yokha.