Kuyeza kwa 4 koloko m'mawa: sabata ya usiku mu wodi ya makanda

Mu Julayi usiku wa ku Lusaka umazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo chisanu chimaluma kwambiri kukatsala pang'ono kucha. Nthawi yomweyo ndi imenenso thupi la munthu wogona limakhala litatsitsa kutentha kwake kufika pansi penipeni. N'chifukwa chake mu wodi ya makanda obadwa masiku asanakwane, kuyeza kwa 4 koloko m'mawa sitikuchita mothamanga.

Lolemba wophunzira unamwino anadandaula atapeza mayi wina wogona, kutentha kwa thupi lake kuli pa madigiri 36.3. Kwa munthu wamkulu pa ola limenelo, nambala imeneyi ndi yabwinobwino. Masana mkati mwa thupi mumakhala pafupifupi madigiri 37, koma usiku mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus imatsitsa dala kutenthako ndi theka la digiri kapena kufika digiri imodzi. Tulo tikamayandikira, timitsempha ta magazi ta m'manja ndi m'mapazi timatseguka, magazi ofunda amafika pakhungu n'kutayira kutentha kunja. Munthu amene mapazi ake ndi ozizira amachedwa kugona chifukwa timitsemphato timakhala titatsekeka. Akavala masokosi, kapena akasamba madzi ofunda ola limodzi kapena awiri asanagone, timatseguka ndipo tulo timabwera msanga. Mayi uja tinangomufunditsa bwino, osamudzutsa.

Koma 36.3 yomweyo ikapezeka m'khwapa mwa khanda, ndiye kuti lazizidwa kale. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, khanda liyenera kukhala pakati pa 36.5 ndi 37.5. Kuyambira 36.0 mpaka 36.4 ndi kuzizidwa pang'ono, kuyambira 32 mpaka 35.9 ndi kuzizidwa kofunika kuchitapo kanthu mwachangu, ndipo pansi pa 32 moyo uli pachiswe.

Lachiwiri khanda la magalamu 1,700 linapezeka pa 35.8, chikhalirecho pa 10 koloko usiku linali pa 36.8. Chifukwa chake chinali pomwepo pabedi. Amayi ake anali atalichotsa pachifuwa kuti apite kuchimbudzi, pobwera tulo tinawagwira lidakali pamatiresi. Thewera linali lonyowa, kachipewa katavuka, ndipo bedi lili pafupi ndi zenera. Apa kutentha kunkatuluka njira zonse zinayi nthawi imodzi: chinyezi chouma pakhungu, matiresi ozizira okhudza msana, kamphepo kolowera m'mphepete mwa zenera, ndi galasi lozizira limene limakoka kutentha ngakhale osalikhudza. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, choncho kachipewa kakavuka pamatuluka kutentha kochuluka.

Khanda silinjenjemera ngati wamkulu. Limadzifunditsa potentha mafuta a bulauni amene ali pakati pa mapewa, m'khosi ndi mozungulira impso, ndipo lobadwa masiku asanakwane limakhala nawo ochepa. Ntchito imeneyi imadya shuga ndi mpweya wa okosijeni, ndiye khanda lozizidwa limafooka, limasiya kuyamwa, shuga amatsika, n'kumazizidwa moonjezera. Mzere umenewu uyenera kudulidwa msanga. Tinasintha thewera, kuliveka kachipewa ndi masokosi, kuliika choimirira pakati pa mabere khungu kukhungu, mutu utatembenukira mbali, kulimanga ndi chitenje n'kufunditsa mayi ndi mwana bulangeti limodzi. Tinayeza shuga pachidendene kuona ngati sanatsike pansi pa mlingo woyenera wa 2.6 mmol/L, kenako mkaka wofinya wa m'mawere pakapu. Khanda likamafunda bwino limakwera ndi theka la digiri pa ola: pa 5 koloko linali pa 36.3, pa 6 koloko pa 36.7. Ngakhale zinayenda choncho, adokotala analiona m'mawa womwewo, pakuti kwa makanda matenda a m'magazi nthawi zambiri amabwera ndi kuzizira m'malo mwa kutentha thupi.

Lachitatu magetsi anazima kwa kanthawi, mahita n'kuzima nawo. Makanda onse amene anali pachifuwa sanatsike pansi pa 36.5. Njira imeneyi yosunga khanda pachifuwa khungu kukhungu, yotchedwa kangaroo, inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, kumene ma incubator, makina ofunditsira makanda, ankachepa, ndipo mpaka lero chifuwa cha mayi n'chodalirika kuposa soketi ya pakhoma.

Lachinayi vuto linatembenuka. Khanda lina linali pa 37.9, nkhope itafiira, likupuma mofulumira. Agogo ake anali atalikulunga juzi ya ulusi, shawelo ndi mabulangeti atatu. "Asisita, kunjaku kwazizira, mwana angadwale chibayo," anatero. Nkhawa yawo ndi yomveka ndipo sitiinyoza. Tinawayankha kuti, "Agogo, gwirani pamsana pakepa, mwamva mmene patenthera? Tichotseko awiri, tiyezenso." Patatha mphindi 30 linali pa 37.1. Kukanakhala kuti sikunatsike, tikanakuona ngati kutentha kwa matenda, ndipo khanda la masiku ochepa lotentha thupi silidikira kuche.

Kufunditsa mopitirira kumaopsa makamaka m'tulo.  Khanda silingakankhe bulangeti lokha. Kutentha kopitirira komanso kuphimba nkhope ndi zina mwa zinthu zodziwika kuti zimakulitsa ngozi ya imfa yadzidzidzi ya makanda m'tulo.

Lachisanu amayi atatu anauzidwa kuti atuluka m'mawa, awiri a ku Kanyama, mmodzi wa ku Chawama, makomboni a mu Lusaka. Nkhani imene tinakhalitsapo ndi ya mbaula. M'nyumba ya chipinda chimodzi yofolera malata, chisanu cha m'bandakucha chimalowa ngati palibe denga, ndipo ambiri amagona ndi mbaula mkati, chitseko chotseka. Malasha amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide umene ulibe fungo, ndipo wogona sadzuka kuti authawe. Mbaula ituluke panja musanagone, mwana afundire pachifuwa. Kumusambitsa kukhale masana dzuwa litakwera, mwachangu, n'kumupukuta nthawi yomweyo. Poti ambiri alibe choyezera kutentha kunyumba, aliyense tinamuyesetsa ndi kuseri kwa dzanja lake: mimba yofunda ndi mapazi ofunda, mwana ali bwino, mimba yofunda koma mapazi ozizira, muikeni pachifuwa muyesenso pakatha ola, zonse ziwiri zozizira kapena akukana bere, mumangeni pachifuwa mubwere naye kuchipatala usiku womwewo.